Chipewa cha maola asanu

Chisanu cha ku Cape Town n'chachilendo kwa munthu wokulira ku Dedza, ku Chipata kapena ku Angonia. Kwawoko June ndi July ndi miyezi youma, koma ku Cape kuzizira kumabwera ndi mvula ndi mphepo ya kunyanja. Ku Philippi, dera lamchenga la ku Cape Flats kumene kuli Brown's Farm, Samora Machel ndi Kosovo, madzi amalowa m'nyumba za malata, ndipo chipewa choluka chimavalidwa ngakhale pogona. Chionetsero cha zoluka chikachitika m'dera lotere anthu sachita kukakamizidwa kupitako. Pamatebulo pamakhala majuzi a ana, masokosi, mabulangete a timabwalo tamitundumitundu, zikwama ndi madoyilo, ndipo kumbuyo kwa matebulowo kumamveka Chixhosa, Chishona, pena Chichewa.

Wopita kukaona ayenera kuima kanthawi patebulo la mayi wolankhula Chichewayo ndi kumvetsera zimene zimachitika wogula akafunsa mtengo. Mayiyu, amene mkati mwa sabata amagwira ntchito m'nyumba za anthu ku Claremont kapena ku Rondebosch, amayamba wayang'ana pansi. Kenako amatchula ndalama imene anagulira wulu, n'kuwonjezapo kangachepe. Wogula akati "tsitsani", iye amatsitsa. Manja ake sawawerengera konse.

Masamu ake ngosavuta. Pa 1 March 2025 malipiro ochepetsetsa ovomerezeka ndi lamulo ku South Africa anakwera kufika pa R28,79 pa ola, ndipo lamuloli limakhudzanso antchito a m'nyumba. Pa malipiro a 2025 amenewo, chipewa chikatenga maola asanu, ntchito yokhayo yafika pafupifupi R144, wulu ndi ndalama ya minibasi zisanalowepo. Mayi amene sangalole abwana ake kumudula malipiro a ola limodzi la kukolopa ndi yemweyo amene amapereka maola asanu a kuluka ngati mphatso kwa mlendo. Uku si kufatsa kwachibadwa. Ndi chizolowezi chimene chili ndi mbiri yake.

Chinenero chenichenicho chimasonyeza kumene chizolowezichi chinachokera. Mneni woti "kuluka" ndi wakale, ndipo amanyamula zambiri: munthu amaluka dengu, lichero, mkeka, mono wophera nsomba, ngakhale tsitsi. Zonsezi zili ndi mitengo yodziwika pamsika, ndipo palibe amene amachita manyazi kuitchula. Nsalu nayo inali ndi aneni ake, "kupota" thonje ndi "kuwomba". David Livingstone atafika kuchigwa cha Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akulima thonje, akupota ndi kuwomba nsalu m'midzi yawo, ndipo nsalu ya machira inali katundu wamalonda m'chigwa cha Zambezi. Owomba ake anali amuna, ndipo ntchito yawo inkagulidwa.

Kuluka kwa singano ziwiri kunalowa pakhomo lina. Kunabwera ndi amishoni, kuphatikizapo a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku Cape komweko, amene anakhazikika ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896. Atsikana ankaphunzitsidwa kusoka ndi kuluka monga mbali ya kusamalira banja. Mabungwe a amayi m'mipingo anapitiriza, alangizi a zapakhomo anapitiriza, ndipo m'nthawi ya Kamuzu Banda bungwe la Chitukuko cha Amayi m'Malawi linachitanso chimodzimodzi. Luso linafalikira, moti mpaka lero kumidzi mtsikana amatha kuphunzira kuluka ndi masipoko a njinga. Koma linafalikira ngati chizindikiro cha mkazi wabwino, woluka juzi ya mwana wake ndi doyilo ya pampando. Choncho mneni wakale uja analandira ntchito yatsopano popanda mtengo wake. Kenako kunabwera kaunjika, amene ku Zambia amati salaula ndipo ku Mozambique amati calamidade, ndipo juzi inasanduka chinthu chotola pamulu ndi ndalama yogulira tomato.

Pachionetsero pali phunziro lina limene mayi uja angatole, loti si ulusi wonse uli wofanana. Mawu oti "wulu" anabwerekedwa ku Chingelezi, kumene amatanthauza ubweya wa nkhosa, koma zimene Achewa ambiri amatcha wulu ndi ulusi wa acrylic, wopangidwa m'fakitale kuchokera ku mafuta a pansi. Chonsecho dziko limene akukhalalo ndi mwini ubweya weniweni. Nkhosa za merino zinafika ku Cape mu 1789, mbuzi za angora mu 1838, ndipo South Africa imatulutsa pafupifupi theka la ubweya wa mohair wa padziko lonse, wambiri wochokera ku Eastern Cape n'kugulitsidwira ku Gqeberha. Maola olukira chipewa cha acrylic ndi cha mohair ngofanana, koma wogula mohair safunsa kuti "tsitsani" mofanana. Vuto n'lakuti ulusi wotere ngwodula kwa munthu mmodzi. Amayi amene amadziwa kale kuyendetsa chipereganyu angathe kuugula pamodzi.

Wina anganene kuti kuluka n'kwachifundo, ndipo kuikapo mtengo wa ola n'kukuipitsa. Ku South Africa ganizoli lili ndi nkhope yotchuka. Gulu la 67 Blankets for Nelson Mandela Day, limene Carolyn Steyn anayambitsa Mandela atangomwalira mu December 2013, linayala bulangete lalikulu kuposa onse padziko pa Union Buildings ku Pretoria mu 2015, n'kudzaswanso mbiriyo mu 2016 kundende ya Drakenstein, kumene Mandela anatulukira mu 1990. Mabulangetewo amagawidwa kwa osowa, ndipo palibe angatsutse ubwino wake. Koma wopereka mphatso amakhala atadya kale. Mayi amene akulipira lendi ya chipinda cha malata ku Samora Machel, n'kumatumizanso fizi ku Mangochi kutha kwa mwezi, sali pagulu la opereka, ndipo kumuyamikira mtima wabwino pamene akugulitsa mosapindula n'kumunamiza.

Chitsutso cholemera kuposa ichi n'chakuti anthu a ku Philippi nawonso ndi osauka. Mnansi wake sangagule chipewa cha R200 pamene pamalo okwerera minibasi pali zipewa za m'fakitale zotchipa. Izi n'zoona, ndipo zikusonyeza kuti udindo wa okonza chionetsero suthera pa kubwereka holo. Ogula amene angalipire maola a munthu alipo mumzinda womwewo. Amayendayenda ku Watershed, msika wa zaluso wa ku V&A Waterfront, ndi ku Old Biscuit Mill ku Woodstock, koma ambiri a iwo amaopa kukhotera ku Philippi chifukwa cha mbiri ya umbanda. Ndiye kapena ogulawo abweretsedwe, kapena katunduyo atengedwe kupita kumene ali, dzina la woluka lili pomwepo. Njirayi inayesedwa kale. Bungwe la Philani, limene dokotala Ingrid le Roux anayambitsa mu 1979 pofuna kuthandiza ana onyentchera m'madera a Cape Flats, linaphunzitsa amayi kuwomba makapeti ndi zidutswa za nsalu, ndipo ogula ake ambiri akhala alendo ochokera kutali.

Kwa mlendo wochokera kumpoto kwa Limpopo palinso chopinga cha mapepala. Wopanda chilolezo chokhalira m'dziko amavutika kutsekula akaunti ya kubanki, ndipo misika ikuluikulu imafuna kulembetsa. Ichi chionetsero sichingachithetse. Chimene chingathe n'chaching'ono: kupempha kuti pachinthu chilichonse pamangidwe kapepala kolembedwa mtundu wa ulusi, maola amene chinatenga, ndi mtengo. Wogula akawerenga "maola 5" asanatsekule pakamwa, kutsitsitsa kumamuvuta. Ndipo mayi uja, amene sanazolowere kutchula mtengo wa manja ake, sachitanso kuutchula. Amangoloza kapepalako n'kupitiriza mzere umene anali kuluka.