Yambani mwaing'amba nkhuyu musanakwere basi ya ku Joni

Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Ponena mawuwa makolo sanaletse munthu kudya nkhuyu ayi. Anangofuna kuti uyambe waing'amba pakati n'kuona zili mkatimo. Ndi zomwe ndikupempha anyamata a pa Ulongwe, a kwa Kalembo ndi midzi yonse ya m'mbali mwa msewu wa Liwonde kupita ku Mangochi, amene matupi ali kuno koma mitima inawoloka kale Limpopo.

Kukoma kwa mkuyuwo ndi kwenikweni, tisanamizane. Nyumba zambiri zamalata zomwe mukuziona kuno, njinga zamoto, masola a padenga, ndi marandi amenewo. M'chaka cha 2024 malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ku Malawi anali K90,000 pamwezi, pamene ku South Africa anali R27.58 pa ola, ndalama yomwe ukaiwerengera mwezi wathunthu n'kuisintha imaposa yathuyi kanayi. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo nthawi zonsezi amene ankalandira ndalama pa Mukuru ndi amene anapumako. Balaka ndi boma louma. Mnyamata amene anaona chimanga chake chikupserera ndi ng'amba ya 2024, nandolo ndi thonje zikugulidwa pa mtengo wolira nawo, sindingamudzudzule akati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Agogo akenso anapita.

Komatu agogowo anapita mosiyana. Pa nthawi ya Wenela ndi Theba, mabungwe olemba anthu ntchito za m'migodi ya ku Joni, munthu ankalembedwa ntchito asananyamuke. Ulendo unali wa kampani, pogona panali pa komponi, chakudya chinali cha mgodi, ndipo gawo la malipiro ankakulandiritsa utabwerera kwanu. Inali ntchito yowawa ndi yonyozetsa, ena anabwera ndi chifuwa chosachira, ena sanabwere n'komwe, monga aja anafa pa ngozi ya ndege ku Francistown mu 1974. Njira ya Theba inatsekeka kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Kuchokera pamenepo ulendo, pogona ndi chakudya zonse zinagwera pamutu pa wapaulendo mwini. Tinatengera mwambo wopita ku Joni, koma masamu ake tikuwerengabe ngati kuli komponi.

Nyerere yoyamba ndi ngongole, ndipo imayamba kuluma munthu asanafike pa Mwanza. Pasipoti ndi ndalama. Transipota amene akudutsitse pa Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge ndi ndalama. Ndalamazo zimachokera kuti? Kwa wakatapila wa pa msika, amene chiwongoladzanja chake chimakula mwezi ndi mwezi osafunsa ngati wapeza ntchito. Kapena ku banki m'khonde, komwe amalemba dzina la mkazi wako. Apa ndi pomwe mtima wanga umawawira. Wopitayo wapita, koma ngongole siikwera basi. Imatsala pakhomo ndi mayi wa ana, ndipo tsiku logawana likafika ndi iyeyo amene anzake a m'gulu amamulanda mbuzi, matiresi, nthawi zina malata omwe. Transipota wina amavomera kukutenga pangongole kuti ukabweze ukayamba ntchito. Zimamveka ngati chifundo, koma ndiye kuti miyezi yoyamba ukugwirira iyeyo, ndipo ena amasunga foni kapena pasipoti ngati chikole.

Choipitsitsa ndi kupinyolitsa munda. Munda ndiwo wokhawo umene ungakulandire ukabwera chimanjamanja. Amene waugulitsa kapena kuubwereketsa zaka zingapo kuti apeze ya basi wadzitsekera khomo lobwererapo.

Tsono pogona. Kuno munthu ngakhale asauke bwanji amagona m'nyumba yake yaudzu osalipira kanthu. Nkhwani ndi chisoso amathyola kuseri, mango m'nyengo yake, madzi pa mjigo. Zimenezi sitiziwerengera chifukwa sizituluka m'thumba. Ku Joni chilichonse chimatuluka m'thumba: lendi ya kachipinda kapena mkhukhu wa malata, magetsi ogula mayunitsi, takisi yopita ndi yobwerera ku ntchito, ufa, ndiwo, ndi zofunda zolimba chifukwa chisanu cha Juni ndi Julayi kumeneko sichidziwana ndi cha ku Ulongwe. Ndipo malipiro ovomerezeka aja kawirikawiri amalandira ndi munthu wamapepala. Mmalawi amapatsidwa masiku 30 pa chipata cholowera ku South Africa. Akatha, bwana amadziwa kuti sungakadandaule kulikonse, ndiye amakulipira zomwe wafuna.

Pofuna kuti pakhale kotsala kotumiza kumudzi, abale athu amadula pa lendi. Amaunjikana anayi, asanu m'chipinda chimodzi, kapena kulowa m'nyumba zosiyidwa za pakati pa mzinda zomwe zinalandidwa ndi zigawenga zotolera lendi. Pa 31 Ogasiti 2023 nyumba yotere, ya Usindiso ku Marshalltown mu Johannesburg, inapsa usiku ndipo anthu 76 anafa, ena mwa iwo Amalawi. Mkati mwake anthu anali atadulamo tizipinda ndi matabwa ndi makatoni. Anagona mmenemo osati chifukwa chosadziwa kuti ndi moopsa, koma chifukwa kumudzi kunali foni yolira tsiku ndi tsiku: fizi, feteleza, wakatapila wabweranso. Ife otsala tiyenera kumva mawu amenewa. Kukakamiza kwathu ndi kumene kumasankhira mwana wathu pogona.

Pali zinanso zomwe sizilowa m'masamu a pa WhatsApp. Kugwidwa n'kukasungidwa ku Lindela podikira kubwezedwa. Zipolowe zothamangitsa alendo monga za 2008, pomwe anthu 62 anaphedwa, za 2015 ku Durban pomwe boma lathu linatumiza mabasi kukatenga anthu, ndi magulu ngati Operation Dudula a masiku ano. Zikatere firiji, bedi ndi malipiro a mwezi umenewo zimatsala komweko. Ndipo mwatsoka imfa ikagwa, kubweretsa maliro kudutsa mayiko atatu ndi ngongole ina yomwe imagwera mbumba yonse.

Sindikunena kuti kukhala kuno ndi kwaulere. Januwale ndi Febuluwale pa Ulongwe amaluma, thumba la feteleza lakwera kuposa mphamvu za mlimi wamba, ndipo ntchito yolembedwa kulibe. Kwa ena, akawerengera bwino, kupita kumapambanadi. Amene ali ndi luso m'manja, telala, mmisiri womanga, wowotcherera zitsulo, komanso ali ndi m'bale wokhazikika womulandira, ulendo wake ndi wina. Chomwe ndikukana ndi kuyerekeza malipiro ndi malipiro. Yerekezani zotsala ndi zotsala: ukachotsa lendi, takisi, chakudya, ndalama yotumizira ndi chiwongoladzanja, m'manja mutsala zingati, ndipo ngongole ya ulendo itha miyezi ingati? Ngati yankho lake likudalira kuti upeze ntchito sabata yoyamba, usadwale, usagwidwe, ndiye kuti si masamu, ndi juga.

Nkhani ya nyumba yomanga kumudzi nayo imafuna kudekha. Kuno ambiri ndife achikamwini, Ayao ndi Achewa omwe. Mwamuna amatumiza ya njerwa, simenti ndi malata, nyumba n'kuima pa malo a kuchikazi. Banja likagwedezeka pakati pa zaka zisanu zosaonana, amabwera n'kupeza alibe pogona m'mayiko onse awiri. Mkazinso amalira chimodzimodzi, akalera ana yekha n'kuyang'anira amisiri, kenaka achibale a mwamuna n'kuti nyumbayi ndi ya mwana wathu. Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako. Musananyamuke khalani pansi ndi ankhoswe ndi eni mbumba, a mfumu adziwe, ndipo mulembe papepala: malo ndi a yani, ndalama azilandira ndani, ngongole ili m'dzina la yani.

Pempho langa lalikulu likupita kwa inu muli ku Joniko, achimwene ndi alongo athu. Mukatumiza chithunzi muli pafupi ndi galimoto, mng'ono wanu amagona osapeza tulo. Muuzeninso kuti lendi mumalipira zingati, m'chipindamo mumagona angati, munakhala miyezi ingati musanapeze ganyu yoyamba, ndipo transipota munamaliza kumubwezera liti. Mashehe athu pa Lachisanu, abusa ndi ansembe pa Lamulungu, a mfumu pa bwalo, itanani amene anabwerako, opeza bwino ndi obwezedwa omwe, afotokozere achinyamata ziwerengero zimenezi pagulu, amayi a banki m'khonde alipo.