Ufulu wopanda nkhokwe ndi bodza

Pali chiphunzitso chimene chakhala chikulalikidwa kwa ife ndi anthu ovala bwino, ena a kuno kwathu ndi ena ochokera kutsidya kwa nyanja, chonena kuti dziko lofuna kutukuka liyenera kumanga manja a boma kumbuyo, lisiye msika udziyendere wokha, ndipo wosauka akadandaula auzidwe kuti adekhe, pakuti chuma chikachuluka kwa eni mafakitale chidzafikanso pakhomo pake. Alaliki a uthengawu amakonda kubisala kumbuyo kwa zipani za Liberal za m'maiko a Azungu, nanena kuti umu ndimo zipanizo zidakwezera maiko awo. Ine ndikukana, ndipo mboni zanga ndi zipani zomwezo. Pakuti mbiri yake, ikawerengedwa mosakondera, ionetsa kuti pamene zidatchinjiriza munthu wamba ku nkhanza za boma ndi ku nkhanza za njala pamodzi zidalemekezeka, koma pamene zidangolondera thumba la wolemera zidasiya manda m'mbuyo, kapena ovota adazikankhira kunja kwa bwalo.

Tiyambe ndi manda. M'chaka cha 1845 matenda adagwira kachewere wa ku Ireland, amene anali chakudya cha amphawi a kumeneko monga chilili chimanga kwa ife. Ndipo m'chaka cha 1846 boma la ku London lidalowa m'manja mwa Lord John Russell ndi a Whig, makolo ake a chipani cha Liberal cha ku Britain, anthu okhulupirira ndi mtima wonse kuti boma lisalowerere pa malonda a chakudya. Charles Trevelyan, mkulu wa ku nthambi ya chuma amene adapatsidwa udindo woyang'anira chithandizo, adasamala mitengo ya pamsika ngati chinthu chopatulika, kotero kuti pamene mabanja anali kufera m'misewu, zombo zinali kunyamula tirigu, ng'ombe ndi batala m'madoko a Ireland kunka nazo kwa okhala ndi ndalama zogulira. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi adamwalira, ndipo enanso ochuluka chomwecho adathawa dziko la makolo awo. Msika unali pa ufulu ndithu, koma mwini m'mimba sadaulawe ufuluwo.

Patapita zaka 60 zidzukulu za a Whig aja zidaphunzira nzeru. Chipani cha Liberal chitapambana kwambiri pa chisankho cha 1906, chidakhazikitsa lamulo lolola makhonsolo kudyetsa ana osauka m'sukulu. M'chaka cha 1908 chidaika penshoni ya mashereni asanu pa sabata kwa okalamba osowa a zaka 70 ndi kuposerapo. Ndipo m'chaka cha 1909 David Lloyd George, nduna ya za chuma, adabweretsa bajeti yokweza msonkho wa eni malo ndi wa olandira ndalama zambiri. Nyumba ya mafumu, imene kumeneko aitcha House of Lords, idaikana bajetiyo, pakuti eni malo ndiwo anali kukhala m'menemo. Koma boma silidabwerere m'mbuyo, lidapita kwa anthu kawiri m'chaka cha 1910, ndipo m'chaka cha 1911 lidawalanda mafumuwo mphamvu yotsekereza malamulo a ndalama, nilikhazikitsanso thumba lothandiza antchito pa matenda ndi pa ulova. Ngakhale William Beveridge, amene lipoti lake la 1942 lidayala maziko a chithandizo cha boma kwa odwala ndi osowa, chimene boma la Labour lidamanga nkhondo itatha, anali munthu wa chipani chomwechi. Nanga alaliki athu aja, amene amatchula dzina la Liberal pakamwa podzaza, bwanji satiuza za amuna amenewa?

Ku Canada nkhani ndi yomweyo. Lester Pearson, ngakhale analibe aphungu okwanira kulamulira yekha, adakhazikitsa penshoni ya dziko lonse m'chaka cha 1965 ndi lamulo la chithandizo cha chipatala m'chaka cha 1966, osachita manyazi kubwereka nzeru kwa Tommy Douglas wa ku Saskatchewan, amene anali wa chipani china; ndipo Pierre Trudeau adawonjeza pamenepo m'chaka cha 1982 polowetsa maufulu a munthu aliyense m'malamulo aakulu a dziko. Nchifukwa chake chipani cha Liberal cha ku Canada chidalamulira zaka zambiri kuposa china chilichonse m'zaka za m'ma 1900, ndipo chikadali champhamvu mpaka lero.

Tsono taonani zimene zidagwera iwo amene adasinthanitsa ukulu wao ndi mbale ya mphodza, monga adachitira Esau. Chisankho cha 2010 chisanachitike ku Britain, Nick Clegg ndi anzake a Liberal Democrats adasaina poyera lonjezo lakuti sadzavomera kukweza fizi ya ku yunivesite. Koma atalowa m'boma la mgwirizano ndi David Cameron, ndipo Clegg atakhala wachiwiri kwa nduna yaikulu, fizi idakwera kuchoka pa mapaundi oposa pang'ono 3,000 kufika pa 9,000 pa chaka. Clegg adapepesa m'chaka cha 2012, koma mlandu suola, ndipo akulu adanena kale kuti lonjezo lidadulitsa mutu wa Yohane: pa chisankho cha 2015 aphungu a chipanicho adatsika kuchoka pa 57 kufika pa 8. Ku Germany chipani cha FDP, a Liberal a kumeneko, chimene chidatchuka ndi luso lokwatiwa uku ndi uku, nichisiya Helmut Schmidt m'chaka cha 1982 kukakhazika Helmut Kohl pampando, chidalonjeza m'chaka cha 2009 kupeputsa misonkho ya anthu onse, koma chimene anthu adachikumbukira ndi kutsitsidwa kwa msonkho wa eni mahotela. M'chaka cha 2013 chidalephera kupeza mavoti 5 pa 100 alionse, nichituluka m'nyumba ya malamulo koyamba chiyambire 1949. Ndipo chitabwereramo, nichikangana ndi Olaf Scholz pa nkhani ya ngongole za boma kufikira mgwirizano udasweka m'chaka cha 2024, ovota adachitulutsanso mu February 2025.

Ife a m'chigawo chino sitifunika kuuzidwa ndi mlendo za ufulu woyezedwa ndi kapu. M'masiku a chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 kufikira 1963, panali Azungu odzitcha ofatsa mtima amene anali kulalikira ubale wa mitundu, koma voti anali kuipereka kwa okhawo okhala ndi malipiro, katundu ndi maphunziro a muyeso woikidwa ndi iwo omwe, ngati kuti mayi wolima m'munda mwake alibe nzeru zodziwira chimene chikumupweteka. Makolo athu adayankha pa chisankho cha August 1961, pamene Malawi Congress Party idatenga mipando yonse 20 ya kaundula wa m'munsi. Ku South Africa kunali a Liberal olimba mtima, ndipo ulemu wao tisawamane: chipani cha Alan Paton, chokhazikitsidwa m'chaka cha 1953, chidafika povomereza voti ya munthu aliyense, ndipo m'chaka cha 1968, boma litaletsa akuda ndi oyera kukhala m'chipani chimodzi, chidasankha kudzitseka chokha koposa kupirikitsa abale ake, ndipo Helen Suzman, wa chipani china, adaima yekha m'nyumba ya malamulo zaka 13, kuyambira 1961 kufikira 1974, natsutsa lamulo lotsekera anthu osazengedwa mlandu, nakayendera Nelson Mandela ku Robben Island m'chaka cha 1967. Komatu chipani cha mayi yemweyu chidaumirira voti yoyezedwa kufikira 1978, ndipo chilonda chimenecho chikuvutitsabe olowa nyumba ake a Democratic Alliance pamene akupempha mavoti ku Soweto.

Wina adzati: kodi waiwala kuti dzanja la boma limamenyanso? Sindinaiwale, ndipo palibe Mmalawi wa zaka zake amene angaiwale ndende ya Mikuyu, makadi a chipani okakamiza ndi mantha a kulankhula ngakhale m'nyumba mwako, zimene tidazikana pa riferendamu ya pa 14 June 1993. Pa nkhani ya ufulu wa kulankhula, wa kupembedza ndi wa kuzengedwa mlandu pabwalo loyera, a Liberal adanena zoona kuyambira kale, ndipo adanenanso zoona pochenjeza kuti makampani a boma amasanduka modyera a chipani cholamula. Koma mankhwala a boma lakuba ndiwo makhoti olimba, atolankhani osagulidwa ndi owerengera chuma osaopa munthu. Kuliuza boma kuti lichoke pa nkhani ya chakudya, feteleza ndi mankhwala kuli kulanga wodwala chifukwa cha tchimo la mlonda. Tidaona m'chaka cha 2002, chimanga cha m'nkhokwe za dziko chitagulitsidwa, mmene njala idatipezera tilibe pogwira. Ndipo ngakhale ena amaloza chala alangizi akunja pamene ena amaloza akuluakulu a kwathu amene adapindulapo, amene adaikidwa m'manda anali anthu a m'midzi, osati alangizi kapena akuluakuluwo.

Chifukwa chake, inu eni voti, aliyense wobwera kwa inu ndi nyimbo ya ufulu, kaya wavala mtundu wanji wa nsalu, mumufunse mafunso awiri ndipo musamulole kuyankha limodzi lokha. Loyamba: kodi ndikadzakutsutsa poyera ndidzagona kunyumba kwanga? Lachiwiri: kodi mvula ikadzakana, kapena mwana akadzadwala pakati pa usiku, boma lako lidzakhala kuti? Woyankha loyamba nazemba lachiwiri ndiye mdzukulu wa Trevelyan, ndipo woyankha lachiwiri nazemba loyamba akukukonzerani Mikuyu ina. Onse awiriwo muwamane voti.