Nyemba sizifunsa amene wazikhalira pafupi

Lamulungu lina alamu anga anabwera kudzationa kuno ku Durban North, m'kanyumba ka kuseri kwa mabwana anga komwe timakhala. Anadya nsima ya nyemba mpaka kupempha mtanda wina. Posamba m'manja anaona mphika wamagetsi uja amati slow cooker uli pakona, chingwe chake chili pakhoma. Nkhope inasintha. "Alamu, kodi nyemba zija zachokera umu? Mwayamba ulesi wa azungu eti? Ndiwo zopanda wozisonkhezera moto zilibe chikondi."

Ndinangoseka, poti mlendo sakalipiridwa pa mphasa. Koma mawuwa ndawamvanso kwa amayi anzanga kutchalitchi, ndipo ndatopa nawo.

Alamuwa sanaphikepo nyemba chibadwire. Sadziwa kuti nyemba zouma zimafuna maola atatu, kuthiramo madzi, kuyang'anira kuti zisapserere. Chimene akuchitcha chikondicho ndi maola a munthu wina, ndipo munthuyo nthawi zonse amakhala wamkazi. Ine ndimalowa m'nyumba yaikulu 7 koloko m'mawa. Ndimachapa, kusita, kukolopa, kukatenga ana kusukulu, kuphikira banja la eni. Ndimatuluka dzuwa litapendeka, msana ukuwawa. Anzanga amene amagona ku KwaMashu kapena ku Inanda amawonjezerapo mzere wa matakisi. Maola atatu okhalira pafupi ndi nyembawo tiwatenge kuti? Zimene zimachitika aliyense wa ku Joni akuzidziwa: buledi ndi polony, mazira, zitini za nsomba, tsiku ndi tsiku, mpaka munthu kuiwala kuti kwawo kunali khobwe ndi nandolo. Palibe amene amati buledi ndi polony ndi ulesi wa azungu. Mphika umene wabwezeretsa nyemba m'nyumba mwanga ndiwo ukunyozedwa.

Komanso chizungu chake n'chiti? Agogo anga ku Ntcheu ankatereka nyemba mumphika wadothi mbandakucha, n'kusonkhezera chikuni chimodzi chachikulu chimene chimanyeka pang'onopang'ono, kenaka khasu paphewa ulendo wa kumunda. Pobwera masana nyemba zafewa. Palibe anawanenapo kuti ndi aulesi. Dothi linkasunga kutentha, chikuni chinkapereka moto wochepa kwa nthawi yaitali. Mkati mwa mphika wangawu mulinso chimbale chadothi chochindikala, ndipo pansi pake alembapo 200 watts, pamene mbale imodzi ya sitovu imadya 1000 kapena 2000. Ukayaka maola 8, mayunitsi ake safika awiri. Amene amagula magetsi a mita ya khadi akumva chimene ndikunena.

Mbiri ya mphikawu nayonso inayambira pa nyemba ndi pa agogo. Irving Naxon wa ku America anamva kwa mayi ake kuti kwawo ku Lithuania Ayuda, poti saphika pa Sabata, ankanyamula mphika wa nyemba ndi nyama Lachisanu madzulo kukauika mu uvuni wa wophika buledi umene unkazizira pang'onopang'ono usiku wonse. Iye anapanga mphika wamagetsi wochita zomwezo. Kampani ya Rival itagula nzeruzi inautulutsa mu 1971 ndi dzina lakuti Crock-Pot, nthawi imene amayi ambiri a ku America ankayamba ntchito zolembedwa. Vuto lawo linali langa lomweli.

Sindikuti mphikawu ulibe mlandu. Woyamba ndi woopsa, ndipo ogulitsa sakuuzani. Nyemba zosapsa, makamaka zofiira zija, zili ndi poizoni amene amatha pokhapokha zikabwata kwambiri. Moto wofatsa wa slow cooker nthawi zina sufika pamenepo, ndipo munthu angathe kusanza ndi kutsegula m'mimba. Ine ndimaziviika usiku, m'mawa ndimataya madziwo, n'kuzibwatitsa pasitovu mphindi zosachepera 10 zikutokota ndithu, ndiye n'kuzikhuthulira mumphika uja pamodzi ndi anyezi. Tomato ndi mchere ndimathira madzulo, chifukwa tomato amaumitsa khungu la nyemba. Soda sindimufunanso.

Mlandu wachiwiri ndi magetsi. Mu 2023, pamene kuzima kwa magetsi kunali pafupifupi kwa tsiku ndi tsiku m'dziko muno, ndinataya mphika wathunthu wa nthumbwana: unazima ine kulibe, n'kukhala ofunda chabe masana onse a chinyezi cha Durban. Ndinalira ndalama zanga. Koma yankho lake linatulukira kuno komwe ku KwaZulu-Natal. Mu 2008, magetsi akuvuta chimodzimodzi, Sarah Collins anakumbukira momwe agogo ake ankakutira miphika yotentha ndi mapilo kuti ipitirize kupsa, ndipo anapanga Wonderbag, chithumba chansalu chodzaza tizidutswa ta siponji. Umabwatitsa ndiwo pamoto, kuvundikira, kuika mphika m'chithumbamo n'kumanga chingwe. Maola angapo pambuyo pake ndiwo zapsa, popanda waya, popanda moto. Agogonso! Paliponse pamene ndafufuza nkhani ya mphika wonenedwa kuti ndi wa aulesi, ndapezapo gogo amene anali ndi ntchito zambiri kuposa maola.

Chithumba chimenechi ndicho chimandipweteketsa mutu ndikaganiza za kumudzi. Mchemwali wanga ku Ndirande amagula makala a tsiku limodzi m'kajumbo, ndipo tsiku lophika nyemba amadziwiratu kuti kajumbo kamodzi sikakwana. Mapiri amene tinkawaona ali ndi mitengo tili ana lero ndi mpala. Magetsi ambiri alibe, choncho slow cooker si yankho lawo, koma bulangete lakale, dengu ndi nsanza zili m'nyumba iliyonse. Ndinamufotokozera pafoni. Anayankha kuti apongozi ake angamuseke kuti akufunditsa ndiwo ngati mwana wodwala malungo. Ndiye makala apitirire kutha, utsi upitirire kulowa m'maso, kuopa kusekedwa.

Ndivomereze chimodzi, alamu asanene kuti ndabisa. Nsima siingaphikidwe mmenemo. Nsima imafuna mthiko, mkono ndi maso, ndipo ine ndimaivundula ndekha madzulo alionse. Masamba a nkhwani kapena mpiru nawonso ukawasiya maola 8 upeza phala lakuda. Mphikawu ndi wa zinthu zouma mutu: nyemba, nyama ya m'khosi, nkhuku yachikuda, ndi mang'ina, amene anzathu Azulu amati amanqina ndipo amawakonda ngati ife. Mang'ina amene kale ndinkawaphika pa Khirisimasi pokha, poopa magetsi, tsopano timadya pakati pa sabata. Ndimawatereka ndisanagone, m'mawa nyama ikuchoka yokha pafupa, msuzi wake womata milomo.

Amuna anga, amene amagwira ntchito ya m'dimba cha ku Umhlanga, poyamba ankagwirizana ndi achimwene awo. Tsopano ndi iwo amene amaviika nyemba usiku ndikaiwala, ngakhale anandipempha kuti ndisawauze anzawo a bawo. Alamu aja atumiza uthenga kuti akubweranso Lamulungu likudzali, ndipo afunsa ngati kudzakhale mang'ina. Ndawayankha kuti adzakhalapo, ndipo ngati akufuna ophikidwa ndi chikondi, afike 5 koloko m'mawa ndi thumba la makala. Mbaula ili kuseri, mpando ndiwaikira pomwepo.