Pa Shelefu ya Mabuku: Alendo Amene Anafika ku Mbombwe

Mwezi uno tatenga buku lotchedwa Independent African, limene George Shepperson ndi Thomas Price anasindikiza m'chaka cha 1958. Ambiri amalidziŵa chifukwa cha nkhondo ya John Chilembwe ya 1915. Koma m'bukumo muli nkhani inanso yoyenera kuikamba pabanja.

Chilembwe atakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu m'chaka cha 1900, anthu akuda aŵiri a ku America anadzipereka kudzamthandiza: Mbusa Landon Cheek ndi Mayi Emma DeLaney. Mayiyu anaphunzitsa amayi kusoka, nalera mnyamata wina dzina lake Daniel Malekebu. Iye atabwerera kwao, mnyamatayo anamtsatira, naphunzira udokotala ku Meharry Medical College. M'chaka cha 1926 Dr. Malekebu anabwera kudzatsegulanso mishoni ija, imene boma la atsamunda linaitseka nkhondo ija itatha. Zoonadi, mlendo ndi mame, koma mbeu imene amabzala imatsala.

Chotidandaulitsa n'chakuti amene analemba buku lalikululi ndi alendonso. Agogo amene anaona Dr. Malekebu ndi maso ao akutha mmodzimmodzi. Inu achinyamata, tengani kope ndi cholembera, mukakhale pansi ndi agogo anu, mulembe zimene akukumbukira za mpingo ndi sukulu ya kwanu. Makolo, agulireni anawo kopelo. Mukachedwa, mudzafunsa ndani?