"Amen" Wapafoni Safika Pakhomo



Pakati pa usiku, pagulu lathu la WhatsApp pamagwa uthenga waufupi: "Abale, ndipempherereni." Kukamacha, ambiri a ife tayankha kale kuti "Amen", ena tatumiza kachithunzi ka manja opemphera. Nkhani yathera pomwepo. Funso la sabata ino nali: kodi ndani mwa ife adanyamuka kukamuona mbale ameneyu?

Kupempha mapemphero pa intaneti si kolakwa. Mu Januwale 2019, malemu Papa Fransisko adalimbikitsa achinyamata kugwiritsa ntchito Click To Pray, njira yopempherera limodzi pafoni. Koma tizindikire kuti munthu wolemba uthenga wotere usiku, kawirikawiri amakhala kuti wasowa womuuza pamaso. Mwina ndi mtsikana amene wabwera kumene mutauni kudzafuna ntchito, mwina ndi mnyamata amene walephera mayeso ndipo akuchita manyazi kufika kutchalitchi. Mu 2025, bungwe la World Health Organization lidalengeza kuti munthu mmodzi mwa anthu 6 alionse pa dziko lapansi akuvutika ndi kusungulumwa. Ena mwa iwo timagwirana nawo chanza chamtendere pa Misa Lamulungu lililonse.

Tikumbukire munthu uja wa pa thamanda la Betesda, mu mutu 5 wa Mthenga Wabwino wa Yohane. Adadwala zaka 38, ali pakati pa khamu, koma dandaulo lake lidali lakuti analibe munthu womuthandiza kulowa m'madzi. Ambuye Yezu adafika pamene iye adagona, nalankhula naye. Amayi Maria nawonso, atamva za Elizabeti, adayenda ulendo wakumapiri nakakhala naye pafupifupi miyezi 3.

Eklezia wathu ali nayo kale njira. Pa Sinodi yaing'ono ya Lilongwe, kuyambira 1973 mpaka 1975, Ambuye Patrick Kalilombe adatsogolera akhristu kukhazikitsa miphakati, kuti Mpingo uzipezeka kumene anthu amakhala. Nawo a Legio ya Maria, kuyambira pamene Frank Duff adayambitsa gululi ku Dublin mu 1921, amayendera anthu awiriawiri sabata ndi sabata. Chimene chatisowa ife ndi kulumikiza foni ndi mapazi.

Choncho tikupempha zinthu zitatu. Choyamba, pempho lililonse likafika pagulu, mmodzi mwa ife amuimbire mwini wakeyo tsiku lomwelo, payekha. Chachiwiri, ngati iye walola, tidziwitse atsogoleri a mphakati wake kuti anthu awiri akamuchezere. Ngati ndi wodwala, bambo mfumu adziwe, kuti akalandire masakramenti. Ngati walankhula zofuna kudzichotsera moyo, tisamusiye yekha, timuperekeze kuchipatala msanga. Chachitatu, tisunge chinsinsi. Pempho la mnzathu lisasanduke nkhani yotumizirana m'magulu ena, chifukwa wochititsidwa manyazi kamodzi sadzapemphanso.

Ena anganene kuti pemphero palokha ndi lokwanira, poti Mulungu amamva kulikonse. Zoonadi amamva, ndipo nthawi zambiri yankho lake amalitumiza kudzera mwa munthu amene wagogoda pachitseko. Makolo athu adati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu.

Sabata ino, tibwerere m'mauthenga athu, tipeze dzina limodzi limene tidaliyankha "Amen" kenaka n'kuliiwala. Tilitchule pokorona madzulo ano, ndipo Loweruka lisanafike tikhale titaponda pakhomo pake.

Mulungu atidalitse tonse.