Vito Corleone ndi Jumbe M'kalasi Mwathu

Aphunzitsi ambiri a m'mbali mwa nyanja kuno ku Nkhotakota amadandaula ndi nyumba za kanema za m'misika ndi m'madoko, kumene anyamata amathera madzulo ao m'malo moŵerenga, ndipo masiku ano lamya za m'manja zangoonjezera vutolo. Dandauloli ndi loona, ndipo nafenso talilankhulapo kaŵirikaŵiri. Koma pali chinthu chimodzi chimene sitichilabadira. Mwana akamatuluka m'nyumba ya kanema amatuluka ndi munthu amene wamsirira, ndipo nthaŵi zambiri munthuyo sakhala wapolisi kapena woweruza milandu ai. Amakhala mkulu wa zigaŵenga, wovala suti, wolankhula motsitsa mau, amene onse amamuŵeramira. Ife tikuganiza kuti mphunzitsi amene amangoletsa zimenezi, osafunsa chimene mwanayo akusirira, amataya phunziro labwino lomwe lamupeza pakhomo.

Kholo la makanema ambiri otere ndi The Godfather, amene anatuluka ku America mu 1972. Anamuongolera ndi Francis Ford Coppola, potsata buku la Mario Puzo la 1969, ndipo mu 1973 analandira mphotho zitatu za Oscar. Nkhani yake ndi ya banja la Vito Corleone, munthu wobadwira ku Sicily amene anakhala mtsogoleri wa gulu la zigaŵenga mu mzinda wa New York. Dzina la kanemayu limatanthauza munthu amene amaimirira mwana pa ubatizo ndi kulonjeza kuti adzamuyang'anira, monga mmene phungu amachitira kwa namwali. Dzina lokhali likuulula kale chinyengo chonse, pakuti munthu wakupha anzake wavala dzina la mtetezi.

Sitikunena kuti kanemayu aonetsedwe kwa ana. Ndi wa anthu akuluakulu, ngwotalika pafupifupi maola atatu, ndipo muli mwazi wambiri. Chimene tikufuna ndi chigawo choyamba chokha, chimene mphunzitsi angathe kuchifotokoza pakamwa ngati nthano. Chaka chake ndi 1945, ndipo kunyumba kwa Corleone kuli ukwati wa mwana wake wamkazi. Panja anthu akuvina, koma mwini nyumba ali m'chipinda cha mdima kulandira odandaula. Woyamba ndi Bonasera, munthu wa ntchito yokonza mitembo. Mwana wake wamkazi anamenyedwa koopsa ndi anyamata aŵiri. Iye anakadandaula kupolisi monga mzika yabwino, koma bwalo la milandu linaŵamasula anyamatawo tsiku lomwelo. Tsono wabwera ndi ndalama kuti agule kubwezera. Corleone akukana ndalamazo. Akumdzudzula kuti sanafune ubwenzi wake kale, kenaka akuvomera kumthandiza kwaulere, nkumuuza kuti tsiku lina mwina naye adzapempha kanthu.

Apa mpamene tiyenera kuima ndi kufunsa ana: chifukwa nchiyani munthuyu wakana ndalama? Ambiri adzayankha kuti ngwachifundo. Tiŵalole atsutsane, osafulumira kuŵapatsa yankho, mpaka mmodzi aone yekha kuti amene walipira amachoka ali mfulu, koma amene wathandizidwa ulere ndi munthu wotere wasanduka wake mpaka imfa. Makolo athu anati kupatsa nkuika, ndipo ananena zoona: mbale ya ufa imene wapatsa mnzako chaka cha njala idzabwera kwa iwe chaka china. Komatu mwambiwu umanena za anthu ofanana, amene lero wina apempha, maŵa winayo. Kupatsa kwa Corleone nkwina. Mtengo wake sautchula, tsiku lobweza amasankha yekha, ndipo wolandirayo alibe pokanira. Mwana amene wazindikira kusiyana kumeneku waphunzira chinthu chimene chidzamthandiza kuposa mayankho ambiri oloŵeza pamtima.

Funso lachiŵiri ndi lakuti: Bonasera anapitiranji kumeneko? Anapita chifukwa lamulo linamkhumudwitsa. Anthu onga Corleone amamera pamene wofooka wasoŵa pothaŵira. Ndipo ife a ku Nkhotakota sitifunika kupita ku New York kuti timvetse zimenezi, pakuti zinachitika pa mchenga womwe timaupondawu.

Cha m'ma 1840 anafika pano Salim bin Abdullah, wamalonda wa Chiswahili wochokera kugombe la kum'maŵa kwa Africa, amene anadziŵika ndi dzina lakuti Jumbe. Anabwera ngati mlendo m'dziko la mafumu a Chicheŵa, ali ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Zaka zimenezo zinali za nkhondo za Angoni, ndipo anthu a m'midzi yopanda chitetezo anathaŵira pafupi ndi munthu wa mfutiyo. Iye anaŵateteza ndithu, ndipo pa nthaŵi ya Ajumbe ulimi wa mpunga umene timaunyadira lero unakhazikika. Koma zombo zake zinkaolotsa nyanja minyanga ya njovu ndi akapolo, amene ankayenda ulendo wautali wa pansi mpaka ku Kilwa. Mfumu imene yalandira mfuti ndi nsalu inkabweza ndi chiyani? David Livingstone atafika pano mu 1863 anapeza malondawo ali m'kati, ndipo mkuyu umene umakumbutsa ulendo wake ukudziŵika ndi mwana aliyense wa pa boma. Mu 1889 Harry Johnston anapangana ndi Jumbe wachitatu m'dzina la Britain, ndipo pasanathe zaka zambiri Jumbe wachinai anachotsedwa pampando ndi kutumizidwa ku Zanzibar.

M'mabuku athu mbiri imeneyi imalembedwa ngati mndandanda wa maina ndi zaka, ndipo ana amailoŵeza mosaimva. Iwo amaganiza kuti makolo amene anagonjera Jumbe anali opusa kapena oipa mtima. Koma mwana amene wayamba wamvera Bonasera chisoni sangaweruze msanga chotero. Tinayesapo njirayi ndi ophunzira a Folomu 2. Titatha nthano ija tinaŵagaŵa m'magulu: ena akhale akulu a mudzi umene Angoni autentha, wina akhale mthenga wa Jumbe wobwera ndi mfuti khumi. Mudziwo ukambirane ngati ulandire. Tinadabwa kuona kuti magulu onse analandira, ndipo mtsikana wina, atafunsidwa ngati sakudziŵa chimene mthengayo adzafune maŵa, anayankha kuti akudziŵa bwino lomwe, koma Angoni akubwera lero. Pa zaka zonse zimene taphunzitsa za malonda a akapolo, sitinamvepo yankho lolongosola nkhaniyi koposa limenelo.

Pali chenjezo limene sitingalisiye. Pamene kanemayu ankakonzedwa, bungwe la anthu a ku America ochokera ku Italy, lotsogozedwa ndi Joseph Colombo, linatsutsa kuti mtundu wao wonse udzaoneka ngati wa zigaŵenga, ndipo okonzawo anavomera kuchotsa mau akuti mafia. Zoseketsa nzakuti Colombo mwiniyo anali mkulu wa limodzi mwa magulu omwewo. Komabe dandaulolo linali ndi nzeru, pakuti anthu ochuluka ochokera ku Italy anali amisiri, ogulitsa m'sitolo ndi antchito wamba. Chimodzimodzi m'kalasi mwathu muno mumakhala zidzukulu za amene anagwidwa, za amene anagwira, ndi za amene anangothaŵira m'linga. Asilamu ndi Akhristu pa desiki limodzi. Mphunzitsi wosasamala angasandutse phunziroli mlandu wa chipembedzo kapena wa mtundu, ana nkuyamba kulozana zala pobwerera kwao. Tikuphunzitsa za mchitidwe wa munthu wamphamvu ndi wofooka, ndipo mchitidwewo ulibe mtundu. Corleone anali wa mpingo, ndipo mwana wake Michael akuimirira khanda pa ubatizo pa ola lomwelo limene anyamata ake akupha adani ake mumzinda monse.

Ena adzati zonsezi nzakale kapena zakutali, ndipo silabasi njotalika. Tiŵapemphe atsikire kudoko m'maŵa. Adzapeza mnyamata amene anasiya sukulu chifukwa mwini khoka anamkongoza ndalama za maliro a mai ake, ndipo tsopano sangachoke m'bwatomo. Adzamva za katapila, amene wakongola pang'ono amabweza moŵirikiza. Adzamva za mtsikana amene wina anamlipirira fizi. Sitikuti mwini khoka aliyense ndi Corleone. Ambiri ndi anthu abwino amene amadyetsa mabanja ochuluka. Koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo mwana ayenera kuphunzira kung'amba chipatso asanadye. Ntchito yolemba imene timapereka pomaliza ndi yakuti aliyense afotokoze mphatso imene anaionapo ikusanduka ngongole, osatchula dzina la munthu. Zimene amalemba zimatichititsa manyazi kuti tinkaŵayesa osadziŵa kanthu.

Kwa inu amene mukukonzekera uphunzitsi pali mbali ina yoŵaŵa. Pamudzi, mphunzitsi naye ndi munthu wamphamvu. Ali ndi malipiro a pamwezi, ali ndi malikisi m'manja mwake, ndipo makolo amampempha kuti aŵalembere makalata. Tsiku lidzafika pamene mwana wamasiye adzasoŵa yunifolomu kapena ndalama ya mayeso, inu nkumuthandiza ndi mtima wabwino. Pakatha mwezi mudzayamba kumtuma kukatunga madzi a kunyumba kwanu, kenaka kukapalira kumunda kwanu Loŵeruka, ndipo iye sadzakana, pakuti adzakana bwanji? Zina zoipa koposa zimenezi zachitikira atsikana m'sukulu zathu, ndipo zinayamba ndi sopo ndi makope. Ngati mufuna kuthandiza mwana, perekani kudzera kwa mphunzitsi wamkulu kapena komiti ya sukulu, makolo ake adziŵe, ndipo mwanayo musamtume kanthu kamene simungatume mnzake amene simunampatse chilichonse.