Njovu zomwezo, ndalama zosiyana

Agogo atamwalira anatisiyira chitini cha ndalama zachitsulo zakale. Abale ena ankati zingopatsidwa ana aziseweretsa, koma ine ndinazitenga n'kuyamba kugulitsa pa Facebook kuti ndizipezako ya ndiwo ndi ya bandulo kuno kusukulu. Mwezi woyamba womwewo ndinalakwitsa kawiri, ndipo sindinganamizire foni kapena netiweki.

Koyamba zinandisokoneza ndi njovu. Malawi atalandira ufulu mu 1964 anatulutsa ndalama zake zachitsulo: sixpence, shilling, florin ndi half crown, zonse zili ndi nkhope ya Kamuzu. Kuseri kwa florin kuli njovu ndi mwana wake. Kwacha itabwera mu 1971, njovu zomwezo anaziika pa 20 tambala, poti florin inali mashilingi awiri, omwe anasanduka 20 tambala. Ukaziyang'ana mothamanga, ndalama ziwirizi ndi mapasa. Ine ndinajambula florin n'kuika mtengo, koma tsiku lotumiza ndinangopisa dzanja m'chitini, nditaona njovu ndinakulunga. Bambo wina wa ku Blantyre analandira 20 tambala. Sanakalipe. Anangotumiza chithunzi n'kufunsa kuti, "Achimwene, munaiwerenga ndalamayi musanatumize?" Ndinawabwezera ndalama zawo, ndipo yomwe ndinalipira kubasi inangopita.

Kachiwiri ndinagulitsa kobiri limodzi kwa anthu awiri. Linali lija lobowola pakati, la nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Wina analipira ataliona pa Facebook, ine osachotsa chithunzi pa WhatsApp, ndipo madzulo wina anatumizanso ndalama pa Mpamba.

Anzanga omwe amachita geni amati kulemba katundu m'kope n'kwa anthu a mashopu akuluakulu, ife ogulitsira pabedi m'hositelo tingathe kusunga m'mutu. Ndikutsutsa. Wogulitsa tomato akasokoneza mulu, amangotenga wina n'kuika m'jumbo, wogula osadandaula. Wogula ndalama yakale sanagule "ndalama ya njovu". Anagula imene anaiona pachithunzi, ya chaka chimenecho, yokhala ndi kachipsera komweko pafupi ndi khutu la Kamuzu. Ukamutumizira ina, ngakhale usanafune kumubera, kwa iye zikufanana ndi kuberedwa. Komanso anthu osonkhanitsa zinthu zoterezi ndi ochepa ndipo amauzana. Ukapsa kwa mmodzi, enawo amva sabata isanathe.

Panopa ndalama iliyonse imagona m'kaenvulopu kakekake, kolembedwa nambala. Nambala yomweyo ili m'kope, pamodzi ndi dzina la ndalamayo, chaka chake, zilema zake ndi malo onse omwe ndaitsatsa. Pojambula ndimaika kapepala ka nambalayo pambali, n'kujambula mbali zonse ziwiri masana, chifukwa kuwala kwa babu kumabisa zokandika. Chaka ndimachiwerenga pa ndalamayo ili m'manja, osati kukopera zomwe ndinalemba pa inzake dzulo. Kukoperako ndiye kumabweretsa mabodza ambiri, chifukwa umasintha chithunzi n'kuiwala kusintha mawu. Munthu akalipira, ndisanasangalale n'komwe, ndimayamba ndachotsa chithunzi paliponse pomwe kope likundiuza.

Pali chinanso chomwe chimandipweteka ndikachikumbukira. Ndisanadziwe kanthu ndinakwecha makobiri angapo ndi phulusa ndi ndimu kuti awale. Ogula odziwa safuna ndalama yotsukidwa, amati wachotsa ukalamba womwe amaulipirira. Amenewo ndimawalemba poyera kuti "yotsukidwa", mtengo n'kutsitsa, ngakhale mtima ukukana.

Zoona, ntchitoyi imadya nthawi. Loweruka lathunthu linathera pa kulemba maenvulopu anzanga akuonera mpira. Bambo a ku Blantyre aja anadzagulanso shilling ya 1964, ija ya chimanga kuseri, yomwenso ili ndi mapasa ake pa 10 tambala. Ndinaiwerenga katatu ndisanamate envulopu.